Phunziro 17: Nyali Yokhala ndi Mkono

Anzanga ophunzira, amayi ndi abambo, phunziro la lero sindinaliganize ndekha. Lachokera kwa mmodzi wa inu.

Tsiku lina bambo ena a m'kalasi mwathu anafika atamanga kansanza ku chala. Pensulo inawakanika kugwira. Bambowo ndi mmisiri wa njinga. Kuseri kwa nyumba yawo ali ndi kashedi ka malata. M'kashedimo muli benchi, vayisi, nyundo, matupa aŵiri, masipanala, choboolera cha pamanja ndi mwala wonolera wopukusa ndi dzanja.

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, chala chatani?"

"Ndi mdima, aphunzitsi," iwo anatero. "Ndimanola tchizulo usiku. Dzanja ili likupukusa mwala, ili lagwira tchizulo, tochi ndailuma kukamwa. Tochi itagwa, chala chinapita pamwala."

"Nanga bwanji osanola masana?"

Kalasi yonse inaseka. Pomwepo ndinadziŵa kuti ndafunsa funso la mwana wa sukulu.

Kuno ku Milange njinga ndiyo ngolo yathu. Anthu akakolola, chimanga chimayenda pa njinga kuchokera ku midzi kupita ku vila, ndi kukafika ku malire a Muloza. Masana njinga imakhala pa msewu. Imabwera kwa mmisiri madzulo, masipoko ataduka, habu ikulira. Mwini wake amaifuna m'bandakucha. Ndipo m'mwezi wa Juni, pamene ntchitoyi yachuluka, dzuŵa limabisala kuseri kwa phiri la Mulanje 5 koloko itangopitirira pang'ono. Mmisiri akakana ntchito ya usiku, wakana ndalama za chaka.

Tisanapitirire, tiyeni tiŵerenge mawu aŵa pa bolodi. Tiŵerenge pamodzi, kenaka mmodzimmodzi.

nya-li, ku-ŵa-la, mko-no, chi-ti-ni, ba-ti-re, fyu-zi

ZIMENE NDINAONA M'SHEDI

Loŵeruka madzulo ndinapita kukaona malo awo a ntchito. Ndinapeza nyali ziŵiri. Yoyamba inali koloboyi, ali pa thabwa pafupi ndi benchi. Utsi wake unali utadetsa malata. Pansi pa benchi panali chitini cha petulo wotsukira zitsulo, chosatseka.

Ndinachita mantha. Petulo safuna kuti lawi limukhudze ndi pamene ayake. Mpweya wake ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma. Umatsika, n'kumayenda pansi osaoneka, mpaka utapeza moto. Chitinicho tinachitulutsa panja tisanalankhule china chilichonse.

Nyali yachiŵiri inali babu yoyera ya mtundu wa LED, ija amagulitsa pa msika yokhala ndi waya wopanira ku batire. Inali lende ku denga, pakati pa shedi, yozima.

"Imeneyo ndi yabodza," bambo aja anatero. "Ndinangotaya ndalama. Ndikaiyatsa, shedi yonse imaoneka, koma chimene ndagwira m'manja sindichiona."

Tinaiyatsa. Iwo anaima pa benchi n'kuŵerama monga amachitira pa ntchito. Ndinaona chithunzithunzi cha mutu wawo chitagwera pa vayisi penipeni. Babu inali kumbuyo kwawo. Inali kuunikira msana.

Babuyo inalibe mlandu. Inangoikidwa pa malo olakwika. Nyali ya m'nyumba timaipachika pamwamba kuti aliyense aone poponda ndi podyera. Nyali ya ntchito ndi ina. Iyenera kutsika, kufika pafupi ndi chitsulo, ndi kutembenuka pamene mmisiri wafuna. Kuŵala kwake kugwere pa ntchito, osati m'maso, osati pa msana.

KUŴALA KULI NGATI MBEWU

Taganizani chitini chimodzi cha mapira. Mukafesa pa kamunda kakang'ono, mbewu zimagwa mothinana. Tsopano tengani munda wotalika kaŵiri ndi wotambalala kaŵiri. Munda umenewu sunakule kaŵiri ayi. Wakula kanayi, pakuti 2 × 2 = 4. Mukafesamo chitini chomwe chija, mbewu zidzagwa patalipatali.

Kuŵala kumachita chimodzimodzi. Kukachoka pa babu kumamwazika. Mukatalikitsa nyali kaŵiri, kuŵala kofika pa ntchito kumachepa kanayi. Mukaitalikitsa katatu, kumachepa ka 9. Mukaiyandikitsa, kumachuluka mwa njira yomweyo.

Tinayeza m'shedi muja. Kuchokera pa babu kufika pa vayisi panali masentimita 200, ndiye kuti mamita 2. Tinaimasula, n'kuigwira ndi dzanja pa masentimita 50.

200 ÷ 50 = 4
4 × 4 = 16

Babu yomweyo, batire lomwelo, koma kuŵala kwa pa vayisi kunachuluka ka 16. Bambo aja anatenga bawuti wakale nayang'ana mazinga ake. Anakhala chete kanthaŵi, kenaka anati, "Iii, kani bawutiyu ndi wodyeka."

Inunso yesani kwanu usiku uno. Ikani kabukuka pa mkono umodzi kuchokera pa nyali, kenaka pa mikono iŵiri. Maŵa mudzatiuze zimene mwaona.

Kwa inu akuluakulu nkhaniyi ndi yofunika koposa. Diso la munthu wa zaka 60 limafuna kuŵala kochuluka, kaŵiri kapena kuposerapo, kuti lione chimene diso la zaka 20 limaona. Ena mwa inu mumati mutu wanu ndi wouma, zilembo sizikuloŵa. Ine ndikuganiza kuti kaŵirikaŵiri si mutu, koma nyali. Ngati zilembo zikuonekabe mwachimbuuzi ngakhale masana, kapimitseni maso ku chipatala. Munthu akapitirira zaka 40, maso amayamba kuvutika ndi zinthu zapafupi, ndipo magalasi amathandiza.

KU MSIKA: ŴERENGANI BOKOSI

Amene mulibe babu yotere, mukaipeza pa msika wa ku vila kapena ku malire. Koma musagule ndi maso okha. Apa ndi pamene sukulu yathu ikulipirani.

Pa bokosi kapena pa khosi la babu funani chilembo V. Chilembochi chimaimira mavolti, ndiye kuti mphamvu imene imakankha magetsi. Ife tikufuna babu yolembedwa 12 V. Imeneyi ndiyo imayaka ndi batire la njinga yamoto, la galimoto kapena la sola. Babu yolembedwa 220 V ndi ya magetsi a mawaya a EDM. Mababu aŵiriŵa amatha kufanana ngati mapasa, ndipo ena amaloŵa pa chopachikira chimodzi. Babu ya 220 V mukailumikiza ku batire siiyaka. Babu ya 12 V mukaiika pa magetsi a 220 V imapsa nthaŵi yomweyo, ndipo ikhoza kuphulika.

Kenaka funani chilembo W. Chimenechi chimaimira mawati, ndiye kuti kudya kwa babuyo. Pa benchi 3 W kapena 5 W ndi yokwanira. Babu ya LED ya 3 W imaŵala kuposa makoloboyi khumi, ilibe utsi, ilibe lawi. Musakopeke ndi nambala yaikulu. Babu yaikulu imamaliza batire msanga, ndipo pa mababu otsika mtengo nambala yolembedwayo nthaŵi zina imakhala yokokomeza. Uzani wogulitsa aiyatse inu mukuona.

Mukayang'ana mkati mwa tochi yozima mumaona kadontho kachikasu. Kameneko ndiko LED. Pansi pa chikasucho pali kanthu kotulutsa kuŵala kobiriŵira ngati thambo, ndipo chikasucho chimakusandutsa koyera. Kuŵala kobiriŵiraku kunavuta akatswiri zaka zambiri. Amene anakupeza ndi amuna atatu a ku Japan: Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura. M'chaka cha 2014 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi. Pachifukwa chawo mlimi wa ku Milange lero akhoza kuyatsa nyali yoyera ndi kabatire kakang'ono.

CHITINI

Babu yosaphimba ikakhala pafupi ndi nkhope imathobwa m'maso. Diso likathobwa limatseka kaboo kake, ndipo chitsulo chimene mwagwira chimaoneka chakuda kuposa kale. Choncho babu ifunika chipewa.

Tengani chitini cha mkaka wa ufa, kapena china chofanana nacho. Chikhale chakuya kotero kuti babu yonse ibisale mkati, mutu wake osatulukira. Chitsukeni. Mkati mwake mukhale mowala. Ngati muli dzimbiri, palani ndi mchenga, ndipo ngati muli ndi penti yoyera pakanimo. Mkati moyera mumabweza kuŵala kumene kukanathaŵira ku denga, n'kukutumiza pa benchi.

Boolani pansi pa chitini, pakati penipeni, poti khosi la chopachikira babu liloŵe. Kuzungulira booli boolani timaboo tina 6 kapena 8 ndi msomali. Timabooti musatiiŵale. LED ilibe lawi, komabe khosi lake limatentha, ndipo kutentha kukatsekeredwa kumafupikitsa moyo wa babu. Chitini chikazondoka, mpweya wotentha umakwera n'kutulukira m'timabooti.

Mlomo wa chitini ndi wakuthwa. Upindeni ndi pulayala, kapena udyeni ndi tupa. Tikukonza nyali chifukwa cha chala chimodzi. Tisadule chachiŵiri.

MKONO

Tsopano tafika pa mtima wa ntchitoyi. Yang'anani mkono wanu. Uli ndi pheŵa, chigongono ndi mfundo ya dzanja. Chifukwa cha mfundo zitatuzi mukhoza kufika pakamwa, pa bondo ndi kumsana. Nyali yathu tiipatsa mfundo zitatu zomwezo.

Nzeruyi si yatsopano. M'chaka cha 1932 George Carwardine wa ku England, katswiri wa masipuling'i a galimoto, anapanga nyali yokhala ndi mkono woima paliponse pamene waukankhira. Nyaliyo inatchedwa Anglepoise, ndipo ana ake ali m'mafakitale ndi m'zipatala za dziko lonse. Iye anagwiritsa ntchito masipuling'i. Ife tigwiritsa ntchito chubu chakale cha njinga, chimene sichisoŵa pa khomo la mmisiri.

Dulani timatabwa tiŵiri topepuka. Kalikonse katalike masentimita 40, mulifupi zala ziŵiri. Boolani kumapeto konse kuŵiri. Pezani mabawuti atatu ndi manati ake. Dulani tizidutswa ta chubu tozungulira ngati ndalama, n'kuboola pakati. Tengani zitsekerero za mabotolo 6, muziphwanye ndi nyundo kuti zikhale zafulati, nazonso muboole pakati.

Yambani ndi chigongono. Loŵetsani bawuti motere: chitsekerero, thabwa loyamba, chubu, thabwa lachiŵiri, chitsekerero, nati. Chubu chili pakati pa matabwa ndicho chimagwira. Mangani nati pang'onopang'ono, mukuyesa kupinda. Mkono uzipindika mukaukankha, koma uziima mukausiya. Mukapeza pamenepo, onjezani nati wachiŵiri pamwamba pa woyamba kuti asamasuke.

Mfundo ya dzanja ndi pamene chitini chikumana ndi thabwa. Pindani kachitsulo kafulati ngati chilembo L. Mbali imodzi imangidwe ku chitini, ina ku thabwa, ndi chubu pakati monga poyamba.

Pheŵa ndilo linativuta. Tsiku loyamba tinalikhomera pa benchi. Zinaoneka bwino, ndipo ine ndinayamba kale kunyada. Koma bambo aja atamenya nyundo katatu pa vayisi, benchi inagwedezeka, mkono unagwada pang'onopang'ono ngati nkhuku yodwala chitopa, mpaka chitini chinagona pa vayisi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, za m'buku zathera pamenepa. Tsopano mverani za ife."

Anazula pheŵalo nalikhomera pa nsanamira ya shedi, imene siikhudzana ndi benchi. Analiika pa msinkhu wa pheŵa la munthu. Kenaka anadula chingwe cha chubu, nachimanga kuchokera pa msomali wa pamwamba pa nsanamira kufika pafupi ndi chigongono. Chingwecho chimasenzako kulemera kwa mkono, ndipo bawuti wa pheŵa sagwira yekha. Anali atapeza sipuling'i ya Carwardine asanamvepo dzina lake.

Ngati matabwa ndi mabawuti zasoŵa, potani pamodzi mawaya atatu okhuthala a mpanda, otalika masentimita 60. Mkono wotere umapindika paliponse. Koma sunyamula chitini cholemera, ndipo ukapindidwa kaŵirikaŵiri pa malo amodzi umathyoka.

MAWAYA

Batire lili ndi mitu iŵiri. Wina uli ndi chizindikiro +, wina chizindikiro −. Waya wofiira apite ku +, wakuda ku −. Mukasinthanitsa, mababu ena sayaka, ndipo ena amawonongeka.

Yendetsani waya m'mbali mwa mkono, mukumanga ndi tizingwe ta chubu. Pa mfundo iliyonse siyani waya wolendeŵera pang'ono, kuti mkono ukatambasuka asakokeke. Pamene waya akhudza chitini, kulungani chubu. Chitini chimadya waya mwakachetechete.

Tsopano fyuzi. Anthu ambiri amati 12 V ndi magetsi aang'ono, saluma. N'zoona kuti mukagwira mitu ya batire ndi dzanja louma simumva kanthu. Koma waya wofiira ndi wakuda akakhudzana opanda chovala, batire limatulutsa mphamvu yake yonse nthaŵi imodzi. Waya amafiira ngati khala, ndipo shedi ya udzu kapena nsanza za mafuta zikhoza kuyaka. Fyuzi ndi kawaya kofooka kamene kamapsa msanga kuti zina zonse zitsale. Gulani fyuzi ya njinga yamoto kapena ya galimoto, yaing'ono, yolembedwa 2 A kapena 3 A. Iikeni pa waya wofiira, pafupi kwambiri ndi batire. Ikapsa, funani chimene chaipsetsa. Musamange waya wamba m'malo mwake.

Swichi ikhale pa nsanamira, pamene dzanja lingaipeze mu mdima.

Batire likhale pa thabwa lake, kutali ndi mwala wonolera. Batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka, ndipo mwala umalavula moto. Musaike sipanala pamwamba pa batire. Sipanala ikagona pa mitu yonse iŵiri, fyuzi siingathandize.

Pomaliza tengani penti kapena msomali, mulembe pa chitini ndi dzanja lanu: 12 V. Tsiku lina mwana kapena mlamu adzafuna kubwereka babuyo. Aŵerenge asanaichotse.

NYALI IIME PATI?

Ngati mumagwira nyundo ndi dzanja lamanja, kuŵala kuchokere kumanzere. Ngati ndinu amanzere, kuchokere kumanja. Mukatero chithunzithunzi cha dzanja chimagwera kunja, osati pa ntchito. Mlomo wa chitini ukhale m'munsi mwa maso anu. Ngati mukuiona babu yeniyeniyo, tsitsani chitini kapena chitembenuzeni.

Chitsulo chosalala chili ngati kalilole. Nyali ikakhala patsogolo panu penipeni, kuŵala kumagunda chitsulo n'kubwerera m'maso. Isunthireni pambali.

Pali chinsinsi china chimene tinachipeza mwangozi. Mukafuna kuona mng'alu pa felemu, kapena podyeka pa ekiselo, musaunikire kuchokera pamwamba. Tsitsani nyali kuti kuŵala kubwere chogona, monga dzuŵa la m'maŵa pa munda. Masana mizere siioneka bwino, koma m'maŵa mzere uliwonse uli ndi chithunzithunzi chake. Mng'alu nawonso umadziulula choncho. Ndipo powongola limu, ikani pepala loyera kuseri kwake, nyali iunikire pepalalo. Mpata wa pakati pa limu ndi buleki udzaoneka bwino lomwe, pamene ukukula ndi pamene ukuchepa.

Timipira tachitsulo ta m'habu timakonda kuthaŵa usiku. Tsegulirani habu pamwamba pa nsalu yoyera kapena mbale, pansi pa nyali, ndipo tiŵerengeni musanatitsuke.

Mkono ndi waya zikhale kutali ndi chilichonse chozungulira. Ndipo ngati mungathe, siyani kanyali kena kakang'ono pamwamba. Benchi yoŵala m'shedi ya mdima bii imatopetsa maso, ndiponso munthu akacheuka amapunthwa pa njinga za eni ake.

Petulo akhalebe panja. Nyali yathu ilibe lawi, koma swichi ndi zopanira za batire zimathetheka.

KWA AMENE MULI NDI MAGETSI A MAWAYA

Magetsi a dziko lathu ochuluka amachokera ku damu la Cahora Bassa, pa mtsinje wa Zambezi ku Tete. Ku vila afika, ndipo ena mwa inu mumagula Credelec. Mwina mukuti, "Ife za batire sizitikhudza."

Zikukhudzani. Nyali ya pa benchi imagwidwa ndi manja a thukuta, pakati pa zitsulo, munthu ataponda pansi ponyowa nthaŵi ya dzinja. Chitini chathu ndi chachitsulo. Waya wa 220 V akasupuka n'kukhudza chitinicho, munthu akhoza kufa. Musapange nyali iyi ndi babu ya 220 V. Babu ya 220 V ikhale ku denga. Pa mkono pakhale 12 V basi, ndipo batire muzilitchaja ndi magetsi anuwo.

Pali chifukwa chachiŵiri. Magetsi a mawaya amapita uku ndi uku ka 50 pa sekondi imodzi. Chifukwa cha ichi mababu ena otsika mtengo amaphethira ka 100 pa sekondi. Diso silikuona kuphethiraku. Koma mwala wonolera wa magetsi umazungulira pafupifupi ka 50 pa sekondi. Pansi pa babu yophethira mwalawo ukhoza kuoneka ngati ukuyenda pang'onopang'ono, kapena ngati waima, pamene uli pa liŵiro. M'shedi ya phokoso munthu akhoza kuugwira.

Babu yanu mungaiyese chonchi. Usiku gwedezani pensulo mofulumira pansi pake. Mukaona mapensulo ambiri atandandalika ngati mano a chipeso, babuyo ndi yophethira. Mukaona chimbuuzi chimodzi chosalala, ili bwino. Babu ya pa batire kaŵirikaŵiri siiphethira, popeza magetsi a batire amayenda njira imodzi.

Nanga amene alibe mawaya, alibenso batire? Mkono womwewu unyamule tochi. Imangeni ndi chingwe cha chubu m'malo mwa chitini. Kuŵala kwa tochi kumathinana pa kadontho kamodzi, choncho phimbani galasi lake ndi kapulasitiki koyera kopyapyala kuti kumwazike. Kukamwa kwanu kudzapumula. Mabatire a tochi akatha musawasiye poti ana aseŵeretse.

Amayi osoka pa makina, nyali iyi ndi yanunso. Ikhomereni kumanzere, iunikire pa singano.

MASAMU

Bambo aja ali ndi batire lolembedwa 12 V 7 Ah. Anandifunsa kuti, "Lidzayaka masiku angati?" Tiyeni tiwayankhe pamodzi.

Poyamba tichulukitse manambala aŵiri a pa batire kuti tidziŵe chakudya chimene chili m'nkhokwe.

12 × 7 = 84

Batire la asidi silikonda kukokololedwa mpaka pansi. Likamauma kaŵirikaŵiri limafa msanga. Tidye theka lokha.

84 ÷ 2 = 42

Babu yawo ndi ya 3 W.

42 ÷ 3 = 14

Ndiye kuti maola 14. Akamagwira ntchito maola 2 usiku uliwonse, batire liwafikitsa masiku 7. Batire lakale silifika pamenepo, popeza nkhokwe yake inachepa. Mukaona nyali yayamba kufooka, katchajeni, musadikire kuti izime.

Chala chija chinapola patapita masabata aŵiri, ndipo eni ake abwerera pa pensulo. Dzulo anandiuza kuti njinga ikatha amapukuta benchi, n'kukokera nyali pa kabuku kawo. Akuti vuto latsala limodzi: adzukulu aŵiri nawonso apeza kuti pa benchi pamaŵerengeka, ndipo mpando ulipo umodzi.

NTCHITO

Lembani m'makope mwanu mayankho a mafunso aŵa.

Babu ya 6 W idzayaka maola angati pa batire lomwe lija?

Nyali inali pa masentimita 150. Mwaitsitsa kufika pa masentimita 50. Kuŵala kwachuluka kangati?

Mumagwira ntchito ndi dzanja liti? Nanga nyali yanu iime mbali iti?

Lembani chiganizo ichi kaŵiri: Waya wofiira apite ku +, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire.

Lachinayi kalasi idzakumana ku shedi ya bambo aja, 4 koloko madzulo, kuti mdima udzatipeze komweko. Gulu lililonse la anthu asanu libweretse chitini chimodzi, chubu chakale, zitsekerero 6 ndi timatabwa tiŵiri. Choboolera ndi tupa adzatibwereka. Amene muli ndi babu kunyumba bwerani nayo pamodzi ndi bokosi lake, tidzaŵerenge zolembedwapo.